Manachesi a M'zitini

Kwa Kanduku, nyengo ya manachesi ikafika ngakhale mbuzi zimayamba matama. Zimanunkhiza chipatso chogwa, n'kuchisiya, n'kukafuna china chakupsa bwino. Njira zonse zimadzaza makoko, ana amafika kusukulu zala zikumata, ndipo mlendo akakhala pamkeka amayamba walandira lichero la manachesi, madzi akumwa amabwera pambuyo. Inali nyengo yotereyi, m'chaka cha 1987, pamene Marcelina anatsika phiri kuchokera ku Mozambiki, mwana wake Cleide ali kumsana, miyendo itatupa, m'manja mulibe ngakhale supuni.

Kwawo sikunali kutali. Munthu akakwera chitunda chakuseri kwa mudzi ankawaona bwinobwino mapiri a cha ku Zobwe, kumene Marcelina anabadwira. Chilankhulo chinali chomwechi, kungoti iye pothokoza ankati "ndatenda", ndipo mkazi mnzake ankamuitana kuti "mana". Anakulira m'munda wa zipatso wa makolo ake, ndipo akanakalambira momwemo pakanapanda nkhondo. Anthu amfuti anafika m'mawa wina, anayatsa nyumba, natenga amuna onse kuti akawasenzere katundu. Mwamuna wake Damiao anali m'gulu lotengedwalo. Patapita chaka kunabwera munthu amene anaona pamene Damiao anagwera, ndipo Marcelina analira maliro opanda mtembo.

Ambiri othawa nkhondo ankapita ku makampu, koma ena ankangolowa m'midzi, chifukwa malirewo anadula pakati pa anthu amodzi. Marcelina anamulandira ndi a Deliwe, mayi wamtali wa mawu ofika kutsidya kwa mtsinje, mtundu wa anthu amene amakukalipira uku akukuwonjezera ndiwo. Koma nkhani za malo sizinali m'manja mwawo. Mwinimbumba, woyang'anira malo a alongo ake ndi ana awo, anali mchimwene wawo a Petro, bambo wamfupi amene anagwirapo ntchito ku migodi ya ku Joni n'kubwerako ndi jekete limene sankalivula ngakhale mu Okutobala. A Petro sanali munthu woipa. Vuto lawo linali lakuti chinthu chilichonse ankachionera kumapeto kwake, kumene kuli mlandu.

Anamutengera kumunsi kwa munda wa manachesi, naloza ndi ndodo kachigawo ka tsala.

"Apa mulime chimanga ndi mtedza, mpaka nkhondo yanu ithe," anatero.

"Ndatenda, bambo," anayankha Marcelina atagwada.

Munda wa manachesi wa banjali unali wotchuka. Anauyamba ndi mayi awo, malemu a Iness, ndipo mu Juni malole a ku Limbe ankakwera mpaka pamene msewu umathera kudzadikira madengu ake. Ntchito yake sinkatha. Maluwa akamasula kunali kupalira m'tsinde njuchi zikulira m'makutu. Zipatso zikayamba kufiira kunali kupirikitsa apusi, amene ankabwera ndi banja lonse ngati aitanidwa ku ukwati. Ndiye kunkabwera ogula, odziwa kunyoza katundu amene akumufuna, ndipo a Deliwe ankalimbana nawo mpaka mawu kusasa.

Marcelina anayamba ndi ganyu wothyola, koma sipanapite nthawi anali atayamba kulamula. Wogwedeza nthambi kuti zipatso zigwe zokha ankamukalipira. Wothyola mokoka, n'kusiya khoko litang'ambika pamutu, ankamugwira dzanja n'kumuonetsa kapotoledwe kake. M'dengu ankayalamo masamba a nthochi, zipatso zolimba pansi, zofewa pamwamba. A Deliwe ankaseka n'kumauza anansi kuti, "Uyu tinamulandira ngati wothawa nkhondo, koma taonani, tadzipezera kapitawo."

Pakati pa mundawo panali mtengo umodzi umene zipatso zake sizinkagulitsidwa. Onse ankangouti wa a Iness. Manachesi ake anali aang'ono, khoko lopyapyala lomata, njere zochepa, koma kutsekemera kwake munthu ankachita kutsinzina. Ogula akauloza, a Petro ankangopukusa mutu. Amenewo anali a pakhomo, a odwala, ndi a alendo olemekezeka. Koma mtengowo unali utakalamba. Marcelina anaona utomoni ukutuluka patsinde, nthambi zam'mwamba zikuuma, ndipo anadziwa kuti suchedwa kufa.

Anthu akumeneko ankabzala manachesi kuchokera ku njere, n'kudikira zaka zambiri, mtengo n'kutuluka waminga. Bambo a Marcelina anaphunzira kumezanitsa mitengo ku mishoni, ndipo mwana wawo anatengera. Marcelina ankafesa njere za mandimu, chifukwa mandimu ndi olimba mizu. Kamtengo kakanenepa ngati pensulo, ankang'amba khungwa lake pang'ono ndi lezala, n'kulowetsamo diso lodula kunthambi ya manachesi, n'kumanga ndi kapulasitiki. Diso likagwira n'kuphuka, ankadula mutu wa kamtengo ka mandimu kaja, ndipo mizu yake inkayamba kudyetsa nthambi yachilendoyo. Mtengo wotere suchedwa kubala, ndipo kukoma kwake kumakhala kwa kumene kunachokera diso. Zofesera anali nazo kale: zitini za mafuta ophikira a chithandizo, zimene othawa nkhondo ankalandira. Anapempha kanthambi ka mtengo wa a Iness, a Deliwe anamuthyolera okha, ndipo maso pafupifupi onse anagwira.

Mvula itayamba chaka chotsatira, Marcelina anachita zimene aliyense wokhala ndi mbande amachita. Anakumba maenje m'mphepete mwa chimanga chake, nathiramo manyowa a mbuzi, nabzala mzere wonse. Tsiku limenelo anaimba, koyamba chifikireni.

M'mawa mwake anapeza a Petro ali m'mundamo, jekete lili m'thupi, akuzula mtengo womaliza. Inayo inali itaunjikidwa pambali, mizu ili padzuwa.

"Bambo Petro! Ndalakwanji?"

"Mayi, ndinati chimanga ndi mtedza. Mtengo ndinautchula?"

"Koma ndi manachesi a mayi anu omwe. Ndimati ndiwapulumutse."

"Lero ndi a mayi anga. Mawa akabala adzakhala a ndani? Inu mudzafa, ine ndidzafa, mwana wanuyu adzaima pano n'kunena kuti anabzala ndi amayi anga. Ndipo adzakhala akunena zoona. Ana a Deliwe adzamuyankha chiyani? Pamalo obwereka munthu sabzalapo mtengo. Kwanu kulibe mwambo umenewu?"

Kwawo kwa Marcelina nakonso mwambowo unalipo, ndipo ankaudziwa kuyambira ali mwana. Chimanga chimakololedwa munda n'kubwerera kwa mwini wake, koma wobzala mtengo ndiye kuti wanena kuti pano sindichoka. Iye sanaiwale mwambo ayi. Chimene anaiwala n'chakuti anali mlendo. Mapiri anali omwewo, dothi lofiira lomwelo, nyimbo zakutchalitchi zomwezo, a Deliwe ankamutuma ngati mng'ono wawo, ndipo mtima wake unali utakhazikika osamuuza. Zinamupweteka kuposa njala ya m'njira pothawa nkhondo. Anachita manyazi, kenako anakwiya, ndipo chowawa kwambiri chinali chakuti a Petro sanalakwe.

A Deliwe anabwera akuthamanga, nawalalatira achimwene awo mpaka agalu anathawa, koma mawu oti "bzalanso" sanatuluke m'kamwa mwawo. Nawonso anali ndi ana aakazi odzafuna polima.

Marcelina anatola mitengo ija, naibwezera m'zitini. Dothi anakatapa kumtsinje, kumene kulibe mwini. Zitinizo anaziika pamiyala kuseri kwa kanyumba kake, kuti zisakhudze pansi. Patapita masiku a Petro anadutsa, naima.

"Nanga izi?"

"Zitini, bambo."

"Ine ndikuona mitengo."

"Muzu wake wakhudza dothi lanu?"

A Petro anawerama, nanyamula chitini chimodzi, nasuzumira kunsi kwake ngati munthu wogula mphika. Panalibe muzu wotulukira. Anachibwezera pamwala, nakonza jekete, namapita. Makolo poika mwambo za zitini sanazitchule.

Umu ndi mmene unayambira munda umene anthu ankabwera kudzauseka. Mitengo ikakula ankaisamutsira m'ndowa zobooka, m'mitsuko yosweka kukamwa, ndi m'bafa lakale limene anasinthanitsa ndi nyemba zachithandizo. Nthawi ndi nthawi ankanyamula chilichonse kuona ngati muzu ukuzemba, ndipo wozemba ankaudula. Amayi kuchitsime anamupatsa dzina loti Nazitini, ngati kuti ndi mfunda wake, ndipo iye ankavomera popanda kunyinyirika. Koma oseka omwewo anayamba kubwera mmodzimmodzi, wina ndi nkhuku, wina ndi lichero la mtedza, kudzatenga mbande zomezanitsa kukabzala kwawo. Marcelina ankawamezanitsira kuchokera ku mitengo ina iliyonse yabwino. Ya a Iness yokha sankapatsa munthu. Imeneyo inali ya banja la a Deliwe, koma banjalo silinkailandira, chifukwa a Petro ankati mbande ya mlendo ikalowa m'munda mwawo, ndiye kuti mlandu uja walowera khomo lina.

Mtengo waukulu wam'ndowa, umodzi mwa ya a Iness ija, utabala zipatso zake zoyamba, Marcelina anapatsira a Deliwe kuti akawalawitse achimwene awo. A Petro sanazikhudze n'komwe.

"Mtengo weniweni ndili nawo," anatero. "Ndidyerenji zam'ndowa? Mizu ya mandimu imeneyo, shuwa zikhala zowawasa."

A Deliwe anabwerera akung'ung'udza, napeza Marcelina akudulira nthambi kuti mitengo isatalike.

"Ndiye iweyo ukusungira ndani zimenezi?"

"Kaya, mana. Koma kuitaya sindingathe."

Kenako kunabwera chilala cha 1992. Mvula inagwa pang'ono n'kuleka chimanga chisanamasule. Chaka chimenecho eni mudzi ndi othawa nkhondo anaima pamzere umodzi kulandira chimanga chachikasu, ndipo panalibe woseka mnzake. Zitsime zinauma, amayi ankakumba mchenga wa mumtsinje n'kumadikira kuti madzi adzaze chikho. Munda wa manachesi, umene unali pamtunda, unayamba kuyoyola masamba, ndipo chiswe chinamaliza zimene dzuwa linayamba. Mitengo yambiri inafa, wa a Iness ndiwo unatsogola. A Petro anaudula okha, nakana kuti nkhuni zake ziotchedwe makala. Kwa masiku angapo ankapezeka atakhala pachitsa chake.

Munda wa Marcelina unali ndi mwayi umodzi umene minda ina inalibe: unkasamuka. Anaunyamula chitini chimodzichimodzi kupita nawo pamthunzi wa mango, naphimba dothi ndi udzu. Madzi otsukira mbale, madzi amene wasamba Cleide, ngakhale otsukira nyemba, onse ankathera m'zitini. Ina inafa ndithu, ndipo ankaidandaula ngati ziweto. Koma ya a Iness, imene anaiika pakati penipeni pa mthunzi, inapulumuka yambiri, pamodzi ndi waukulu wam'ndowa uja.

Chakumapeto kwa chaka chomwecho wailesi inalengeza kuti nkhondo ya ku Mozambiki yatha. Othawa nkhondo anavina, Marcelina anavina nawo, koma pobwerera kunyumba chimwemwe chinamuthera. Mawu a a Petro ankawakumbukira bwino: mpaka nkhondo yanu ithe. Ndiye yatha. Amene anapita kukazonda kumudzi anabwera ndi uthenga woti munda wa makolo ake unapsa, makolowo anamwalira, pamudzi pamera tchire, ndipo m'njira zina muli mabomba okwirira. Cleide anali atayamba sukulu, akulankhula ngati mwana wa pamudzi pomwepo, ndipo Mozambiki ankangoimva m'kamwa mwa akuluakulu. Anthu anayamba kubwerera, ena wapansi, ena pamalole a mabungwe othandiza.

"Iwe sukupita," anatero a Deliwe. "Akuthamangitse ndani? Achimwene? Ayese."

"Palibe akundithamangitsa, mana. Koma malo anandibwereka, ndipo nthawi imene ananena yakwana. Ndikhala mpaka liti ndikudula mizu? Cleide akadzakula adzabwerekanso kwa ndani?"

Ena m'mudzimo ankawanong'oneza a Petro kuti asadzivute: mayiyo sangasenze munda wonse mpaka ku Zobwe, angodikira achoke, zitini zidzatsala zokha.

Mvula ya chaka chotsatira inagwa bwino, ndipo mu Julayi 1993, anthu atangomaliza kukangana za nyali ndi tambala pa voti ya referendamu, alangizi anakonza chionetsero cha zaulimi pabwalo la sukulu. Anthu anali atatopa ndi maliro ndi mizere ya chimanga, choncho anabwera ndi mtima wonse. Kunali zimanga zikuluzikulu, mtedza, nandolo, mbatata, mbuzi zosambitsidwa zimene zinkaoneka kuti zakwiya nazo, koma mwini tsikulo anali manachesi. Midzi ya m'mphepete mwa mitsinje, imene mitengo yake inapulumuka, inaunjika milu yofiira mpaka maso kuwawa. Ng'oma zinkalira, ndipo amayi ankaimba nyimbo yotama manachesi a ku Mwanza, yonena kuti a ku Blantyre amadya makombo athu.

Banja la a Deliwe, limene kale linkadzaza tebulo mpaka zina kuika pansi, chaka chimenecho linalibe choonetsa. Mitengo yotsala inali isanachire. M'mawa wa tsikulo a Deliwe anafika kwa Marcelina, naima pafupi ndi mtengo wam'ndowa uja, umene unali utabala mpaka nthambi kuwerama.

"Thyola tikaonetse," anatero.

"Akafunsa kuti achokera m'munda uti tikati chiyani? Anena kuti tagula pamsika."

"Ndiye senza mtengo womwewo. Akaone okha."

Marcelina anapinda nkhata, a Deliwe anamutwika, ndipo mtengo unayamba ulendo. Njira yakusukulu imazungulira phiri, ndiye anthu akutsidya ankangoona mtengo wa manachesi ukuyenda pamwamba pa udzu. Ana anathamanga, akulu anatsika panjinga. Pofika pabwalo Marcelina anali ndi chigulu kumbuyo, khosi likuwawa, thukuta lili kamukamu. Oimba ng'oma anasiya okha popanda wowaletsa.

Wolengeza, mphunzitsi wanthabwala dzina lake a Timoti, anabwera ndi chimkuzamawu.

"Amayi, tiuzeni dzina, ndipo munda wanu uli mudzi uti?"

"Ndine Marcelina. Munda ndi womwewu, bambo. Ndabwera nawo."

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Koma oweruza atathyola n'kulawa, kuseka kunasanduka nthungululu. Woweruza mmodzi anatsinzina, napempha lina, akuti atsimikize. A Timoti anafuula kuti, "Nambala wani! A Nazitini atenga!" A Deliwe anavula mpango n'kuyamba kuvina ng'oma zisanayambenso, amayi a ku Mozambiki amene anali asanapite analowa m'bwalo, eni mudzi anatsatira, fumbi linakwera. Mphotho inali khasu latsopano. Marcelina analilandira ndi manja awiri, akuseka uku misozi ikutsika, chifukwa khasulo linamupeza nthawi imene polima pankamuthera.

A Petro anali ataima kumapeto kwa bwalo, pafupi ndi mbuzi. A Deliwe anathyola nachesi limodzi, nadutsa m'khamulo, nawafumbatitsa.

"Idyani, achimwene. Musafunse."

Anayamba kusenda monyinyirika. Khoko linali lopyapyala, lomata. Anaima kaye, nanunkhiza zala. Ataika kachigawo m'kamwa anasiya kutafuna. Munalibe kuwawasa kwa mandimu ngakhale pang'ono. Kunali kukoma komwe kuja, kumene ankaganiza kuti anakudula okha ndi nkhwangwa. Ndipo anthu anaona chimene anali asanaonepo: a Petro anavula jekete, nalipinda, nakhala pansi pafumbi.

Marcelina anabwera, nagwada chapatali.

"Ndi wa mayi anu, bambo. Kunyumba ilipo ina. Sindinapatseko munthu ngakhale mmodzi. Ndikamapita mukaitenge, mubzale ndi manja anu, palibe adzanene kanthu."

A Petro anamaliza nachesi lija, makoko naika m'thumba la malaya.

Miyezi inapita. A Petro ankachoka m'mawa panjinga n'kubwera dzuwa litapendeka, osanena kumene apita, ndipo akakumana ndi Marcelina ankangopereka moni. Iye anaona kuti nkhani yathera pamenepo. Atamva kuti lole yotenga anthu a dera lawo ibwera kumapeto kwa Novembala, anavomera kukwera. Anagawa nkhuku zake, anamanga mtolo, ndipo Cleide analira mpaka maso kutupa.

Mvula yoyamba inagwa lole isanabwere. M'mawa mwake, dothi likununkhira, Marcelina anamva odi wa anthu ambiri. Panja panali a Petro ndi khasu paphewa, a Deliwe ndi ana awo aakazi, achibale achikulire, ndi eni minda yoyandikana. Marcelina anaganiza kuti abwera kudzalandira munda wawo pamaso pa mboni.

"Nyamulani ndowa ija titsikire kumunsi," anatero a Petro.

Anafika pamzere womwe uja. A Petro anavula jekete kachiwiri m'chaka chimodzi, napatsira a Deliwe, nayamba kukumba. Anakumba dzenje lalikulu, losamalika, ngati munthu amene akudziwa kuti akumuyang'ana. Atamaliza anapukuta thukuta, nabwerera m'mbuyo, manja nawaika kumsana.

"Ine ndakumba. Kubzala mubzala ndinu."

Marcelina anayang'ana dzenje, nayang'ana anthu.

"Bambo Petro, mukudziwa chimene mukunena?"

"Ndinazula ndine, ndingalephere kudziwa? Ndayenda mbumba yonse, mpaka amene anasamukira ku Thambani, ndipo akuluakulu oyenera kumva ndawauza. Palibe wakana. Kuyambira pamwala uwo mpaka kukhwawa ndi panu. Anthu awa ndawaitana kuti aone ndi maso, mawa wina asadzati sanamve." Anatsokomola pang'ono. "Ndipo za bambo Petro zithe lero. Muziti achimwene."

Ndowa inakana kutulutsa mtengo. Mizu inali itazungulirazungulira m'katimo zaka zonsezo kusowa kolowera, ndipo anachita kuing'amba ndowayo ndi chikwanje. Marcelina anagwada m'matope, namasula mizuyo ndi zala, umodziumodzi, naiyala m'dzenjemo. Anakwirira ndi khasu lake la mphotho lija, nayamba kutsindira ndi chidendene.

"Dikirani," anatero a Petro. "Cleide ali kuti? Bwera kuno iwe, pondapo nawe. Tsiku lina udzaima pano n'kunena kuti anabzala ndi amayi anga, ndipo ine malume ako ndikufuna udzanene mokweza."

A Deliwe anaimba nthungululu imene inamveka mpaka kumsewu. Tsiku limenelo anabzala mpaka misana kuwawa. Mitengo ya a Iness anaigawa pakati, ina kumunsi kwa Marcelina, ina kumtunda m'malo mwa imene inafa, ndipo umodzi a Petro anaubzala okha pambali pa chitsa cha mayi awo. Marcelina anasangalala kwambiri, ndipo ndi pamene anazindikira kuti anali atatopa zaka zonsezo.

Lole inabwera tsiku lake. Marcelina anapita kumsewu ndi a Deliwe atasenza madengu a zitini zotsala, mbande zomezanitsa za mitengo ina ija, ndipo aliyense wokwera ankamupatsa chimodzi kuti akayambire kwawo. Anthu anakhala pakatundu wawo zitini zili pamiyendo, lole yonse ili biriwiri. Dalaivala analiza injini, ndipo bambo wa bungwe amene ankakweza anthu anamuona Marcelina ataima pansi.

"Mayi, kwerani, tikunyamuka! Katundu wanu ali kuti?"

Marcelina anapukuta manja pachitenje.

"Pitani bwino, bambo," anatero. "Ine ndabzala."